Nambala ya Pachitseko cha Pikiapu

A Telala anali ndi lamulo limodzi pa ntchito yawo: sizasi siyandikira nsalu tepi isanadutse kawiri. Kasitomala akabwera n'kunena kuti, “Inu ingosokani, miyezo yanga ndi yomwe ija ya chaka chatha,” iwo ankangomumwetulira n'kumuzunguliza tepi m'chiuno basi. Anthu amanama za m'chiuno mwawo osadziwa n'komwe kuti akunama. Zaka makumi atatu akusoka m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo, pawindo loyang'ana kumsewu, anali asanawonongepo nsalu ya munthu, ndipo zimenezo ankazinyadira poyera.

Koma chaka chimenechi anapezeka atavomera chinthu chachikulu asanayeze ngakhale kamodzi.

Zinayamba Lamlungu lina masana, banja lonse lili pabalaza pawo. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye, anali woyembekezera, ndipo kanyumba ka lendi kamene ankakhala ndi mwamuna wake kanali kothina moti munthu akayetsemula kuchipinda, mbale zinkagwedezeka kukhitchini. A Telala anatsala okha m'nyumba chimwalirireni amuna awo, ndiye ananena kuti anawo abwere adzakhale nawo. Vuto linali malo. Kumbuyo mpanda, m'mbali mpanda, kumaso msewu. Kofutukulira nyumba kunalibe kupatula kumwamba.

“Ndiye timange zipinda ziwiri pamwamba pa khitchini ndi chipinda chanu chogona, Amayi,” anatero mkamwini wawo, nkhope ili ngwee. “Za mmisiri musadandaule. Bambo ali pompano. Bambo palibe chimene chimawakanika.”

Bambo ake a mkamwiniyo anali kontirakitala wodziwika m'dera lonselo, munthu wamtali, wosalankhulalankhula. A Telala ankawatcha asewele, monga amatchulirana makolo amene ana awo anakwatirana, ndipo ankawalemekeza kwambiri. Asewelewo anaika kapu ya tiyi patebulo, anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anatsokomola.

“Tiona mmene tingachitire,” anatero.

Mkamwini anawomba m'manja, mwana wamkazi anagwetsa misozi ya chimwemwe, ndipo a Telala, poona kuti onse asangalala, anathokoza n'kulonjeza kuti asewele awasokera jekete yoti azikatchena nayo kumisonkhano. Nkhani inathera pomwepo.

Lolemba m'mawa, atakhala pamakina, anayamba kukumbukira nyumba zimene asewele awo anamanga. Ya aphunzitsi kumapeto kwa msewu. Ya mwini golosale. Zitatu za lendi kuseri kwa chigayo. Zonse zowongoka, zopanda mng'alu, zitseko zake zotsekeka popanda kukankha ndi bondo. Ndipo zonsezo zinali zapansi. Anasakasaka m'mutu nyumba yosanja ngakhale imodzi, osaipeza. Phazi linaima lokha pamakina. Pansi pa silabu ya konkire yosenza zipinda zapamwambazo ndi pamene iwo azidzagona, ndipo pamwamba pake ndi pamene mdzukulu wawo azidzakwawa. Mantha anawagwira, mantha enieni.

Tsiku lomwelo kunabwera namwino wina, kasitomala wawo wakalekale, kudzayesa yunifolomu. Ali ndi mapini pakamwa, a Telala anamufotokozera nkhaniyo ngati yongocheza.

“Mapepala awo mwawaona?” anafunsa namwino.

“Mapepala ati?”

“Laisensi. Kontirakitala aliyense amalembetsa ku ofesi yoona za zomangamanga, n'kupatsidwa nambala. Inu mungotenga nambalayo, mukaipereke kumeneko, akakuuzani zonse. Sizitenga ndi ola lomwe. Safunsa anadya phula, amayi.”

“Ndi asewele anga aja, iwe.”

“Simenti sidziwa chibale,” anatero namwino, akudziyang'ana pagalasi. “Apa mukulitse pang'ono, pakundithina.”

Madzulo a tsikulo mwana wawo anadutsa pochokera kusikelo, ndipo a Telala anayesa kuiponya nkhaniyo mozemba. Sanafike nayo ndi pakati pomwe.

“Amayi, chonde,” anatero mwanayo, atagwira pamimba. “Apongozi anga anandilandira ngati mwana wobala okha. Mukawafunsa mapepala ngati munthu amene mwangomutola pamsewu, ine ndizikalowa bwanji pakhomo pawo? Ndipo amuna anga mukuwadziwa mmene amawanyadira bambo awo. Musandiwonongere banja chifukwa cha kapepala.”

A Telala anangoti, “Ndamva, mwana wanga.” Anamvadi. Kufunsa kunali kunyoza munthu wolemekezeka ndi kumuika mwana wawo pamoto. Kusafunsa kunali kugona pansi pa chinthu chimene palibe anachiyeza. Anakhala pakati pa ziwirizi tsiku lonse lotsatira, mpaka anasoka thumba la malaya a munthu chadodolido n'kulisolola, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo.

Nthawi yonseyi asewele ankabwera m'mawa uliwonse, ati kudzaona poyambira. Ankazungulira kuseri, kugogoda makoma ndi kanyundo, kuyang'ana m'mwamba, kupukusa mutu. Lachiwiri anakumba kadzenje pakona ya khitchini, anasuzumiramo nthawi yaitali, n'kukwiriranso. Mkamwini anali atalengeza kale kuti Lolemba likudzalo malata akusasulidwa.

Lachiwiri lomwelo a Telala anawayeza asewele jekete koyamba. Asewele anaima chofulatira, ngati mwana wasukulu amene wapatsidwa chilango. Mapewa awo anali m'mwamba, olimba ngati thabwa, khosi litalowa mkati. A Telala analemba miyezo m'kabuku kawo, n'kudabwa mumtima kuti munthu wamtali chonchi angakhale bwanji wopanda khosi.

“Mudzabwerenso Lachisanu, asewele, ndidzabwereze,” anatero. “Ine sindidula ndisanayeze kawiri.”

“Ndikudziwa,” anayankha asewele. “Dera lonse likudziwa.”

China chimene chinkawadabwitsa chinali pikiapu ya asewelewo. Tsidya la msewu kunali mtengo wamthunzi wabwino, pamene aliyense wobwera ndi galimoto ankaimika. Koma asewele ankaimika padzuwa, pafupi penipeni ndi windo la makina, chitseko cha dalaivala chitayang'ana kwa a Telala, mpaka kuwatchingira kuwala. Galimotoyo inali yotuwa ndi fumbi la simenti kuyambira kumphuno mpaka kumchira, moti mtundu wake weniweni unali wongoganizira. Pachitsekopo panali dzina la kampani yawo, losaoneka bwino chifukwa cha fumbi, ndipo pansi pake panali nambala ya laisensi. Nambala yokhayo inkawerengeka bwinobwino.

Lachitatu a Telala anagonja. Asewele atalowa kuseri, iwo anatenga kansalu kakuda kotsala pa siketi ya munthu, choko chawo chosokera, ndi kamphasa kopondapo pamakina, n'kutuluka ngati akukakutumula ulusi. Anakutumula kawiri, anawerama pafupi ndi chitseko chija, nalemba nambalayo pakansalu msangamsanga. Mayi wamkulu, wa imvi zake, kuba nambala masanasana pakhomo pake pomwe. Anabwerera m'nyumba manyazi atawagwira mpaka m'makutu.

Lachinayi anatseka chipinda chosokera, n'kukwera basi.

Ofesiyo inali m'nyumba yosanja, ndipo pokwera masitepe a Telala anadzipeza akuponda mwamphamvu dala kuti amve ngati pakugwedezeka. Mkatimo munali benchi yaitali, fani yosazungulira, ndi kawindo kamene kuseri kwake kunakhala kalaliki wamkazi wovala magalasi. Kolala ya bulauzi yake inali yopendekera kumanzere. A Telala anaiona asanaone nkhope ya mwiniwake, ndipo anadziletsa kwambiri kuti asanene kanthu.

“Ndabwera kudzafunsa za kontirakitala,” anatero motsitsa mawu, ngati asewele ali kumbuyo kwawo.

“Nambala yake muli nayo?”

A Telala anatambasula kansalu kaja pakauntala. Kalaliki anakayang'ana, anawayang'ana iwo, kenako anaseka.

“Ena amabwera nayo pafoni, ena papepala, ena m'dzanja. Pansalu ndinu oyamba.” Anailemba pakompyuta. “Dzina lawo ndani?”

A Telala anatchula dzina la asewele awo ndi la kampani.

“Zikugwirizana. Poyambira m'pamenepo, chifukwa ena amapenta nambala ya mnzawo pagalimoto yawo. Laisensi sinathe, anaikonzetsanso chaka chomwe chino. Inshuwalansi ilipo. Tione madandaulo.” Kalaliki anatsitsa magalasi pamphuno, n'kuyandikira kompyuta. “Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, dandaulo ndi limodzi lomwe palibe. Amayi, munthu ameneyu mumugwiritse. Ena ndikangowatsegula chonchi, madandaulo amachita kusefukira.”

Mtima wa a Telala unakhala pansi. Anamva chimwemwe, ndiponso anadziona opusa pokayikira munthu wotere. Anapinda kansalu kawo, anathokoza, n'kuyamba kulowera kukhomo. Atafika pachitseko anaima. Apa anali atayeza kamodzi kokha.

Anabwerera pakawindo paja.

“Pepani, mwana wanga, taonaninso. Nyumba yake ndi yosanja. Tikufuna kumanga zipinda pamwamba pa nyumba yakale.”

“Aa, mukanayamba ndi zimenezo,” anatero kalaliki. Anatembenuza kompyuta pang'ono kuti a Telala aone, n'kuloza ndi cholembera. “Malaisensi ali m'magulu. Gulu lawo ndi la nyumba zapansi, ndipo pamenepo ndi katswiri. Koma yosanja imafuna kontirakitala wa gulu lina, komanso injiniya woti ayambe waona ngati maziko akale angasenze katundu watsopanoyo. Ndi nambala iyi, pulani yanu sangaidinde n'komwe. Akamanga mobisa, china chake n'kuchitika, inshuwalansi ija sigwira ntchito, ndipo laisensi yawo yoyera bwinoyi ilandidwa. Mungawaphere dzina limene alisunga zaka zonsezi.”

“Nanga munthu umamuuza bwanji zimenezi, ali asewele ako?”

Kalaliki anabweza magalasi m'malo mwake. “Zimenezo ndiye mu kompyuta mulibe, amayi.”

Potuluka a Telala analephera kupirira. Anamuuza kuti tsiku lina adzabwere ndi bulauziyo, adzamukonzera kolala.

Lachisanu m'mawa pikiapu inaima pamalo ake a masiku onse, padzuwa. Asewele analowa, anapereka moni, n'kuima chofulatira, nkhope itayang'ana pawindo. A Telala anatenga tepi pakhosi pawo. Anaika tepi paphewa lakumanzere, n'kuigwira pomwepo osaitambasula.

“Asewele, ndili ndi mlandu,” anatero. “Ndiunena muli chofulatira chomwecho, chifukwa mukatembenuka ndilephera.”

“Nenani, asewele.”

“Dzulo ndinapita ku ofesi ya malaisensi ndi nambala yanu. Ndinachita kuiba pachitseko apo. Akuti dzina lanu ndi loyera, zaka zonsezi palibe anakudandaulanipo. Koma akuti gulu lanu ndi la nyumba zapansi. Yosanja simuloledwa, ndipo mukamanga, laisensi yanu ilandidwa. Ndalakwa kupita kumbuyo kwanu osakuuzani. Ngati mukwiye, mukwiyire ine, mwana wanga sakudziwapo kanthu.”

Panja panadutsa njinga, belu likulira. A Telala anadikira, maso ali pamsana wa malaya otuwa aja, akuganiza za mwana wawo ndi mmene azikalowera pakhomo la apongozi ake.

Kenako asewele anatulutsa mpweya, wautali, ngati tayala limene alichotsa valavu.

“Lachitatu,” anatero. “Munatuluka ndi kamphasa ngati mukukakutumula.”

“Munandiona?”

“Ndinali pakona ya mpanda, ndikusuzumira. Asewele, sabata yonse ndakhala ndikuwotcha galimoto yanga padzuwa, mthunzi uli apo. Nambala ija ndimaipukuta ndi mpango wanga m'mawa uliwonse ndisananyamuke kunyumba. Ndinkati mayi aja sadula asanayeze, tsiku lina aiona basi. Lolemba simunatuluke. Lachiwiri simunatuluke. Ndinayamba kuganiza zoipenta ndi utoto wofiira.”

A Telala anasiya tepi, inagwera pansi. Anafuna kuseka, anafuna kulira, ndipo pakati pa ziwirizi panatulukira mkwiyo.

“Ndiye inu mumadziwa? Osangonena bwanji?”

“Ndikananena pati? Lamlungu lija, pamaso pa mpongozi wanga ndi inu?” Asewele anali chiyang'anire pawindo. “Mwana wanga uja chiyambire ali wamng'ono amakhulupirira kuti bambo ake akhoza kumanga ndi mlatho womwe. Munaiona nkhope yake. Mawu akuti sindingathe anafika pakhosi apa n'kubwerera. Chibadwire changa sindinathirepo silabu yoti anthu azigona pansi pake. Ndipo Lachiwiri nditakumba pakona paja ndinaona maziko. Malemu anamanga bwino, koma anamangira nyumba yapansi. Pakufunika nsanamira, zitsulo, ndi munthu wodziwa masamu ake. Ine masamu amenewo sindinaphunzire.”

“Nanga Lolemba likubwerali mukanatani? Mukanasasula malata anga?”

“Ayi. Ndikanadwala.”

“Mukanadwala chiyani?”

“Msana. Ndinali nditayamba kale kuyeserera kayendedwe kake. Mayi akunyumba andipaka mankhwala kawiri.”

Pamenepo a Telala anakhala pampando wamakina n'kuseka mpaka misozi. Asewele anatembenuka tsopano, nawonso akuseka, akupukuta m'maso ndi mpango womwe uja wopukutira nambala. Anthu awiri akuluakulu, oyembekezera mdzukulu mmodzi, sabata yathunthu akuzembana ngati ana obisalirana, wina kuopa kufunsa, wina kuopa kukana. A Telala anamva thupi lonse kupepuka, ngati atula mtolo umene anayenda nawo mtunda wautali.

“Koma mwandikwiyitsa, asewele,” anatero atapeza mpweya. “Nanga ndikanapanda kutuluka?”

“Ndiye bwenzi ndikudwala mpaka mdzukulu atayamba sukulu. Ndalakwa, ndikuvomera. Ulemu wopitirira nawo ndi bodza ndithu.” Anakhala pabenchi ya makasitomala. “Pali mayi wina, kontirakitala wa gulu limene likufunikalo. Nyumba zosanja wamanga zambiri, ndipo amayenda ndi injiniya wake. Tinagwirapo limodzi ntchito, ndimamukhulupirira. Iye amange nsanamira ndi silabu. Ine ndidzagwira pansi pa iye zimene manja angawa akudziwa: njerwa, pulasitala, zitseko, denga. Koma musamve zanga zokha. Nambala yake ndikupatsani, mukaionetse komwe kuja. Pansalu ngati mukufuna.”

“Ndipita Lolemba. Ndili ndi kolala yoti ndikaione kumeneko.” A Telala anatola tepi pansi, kenako nkhope inagwanso. “Nanga ana aja? Mwana wanga anandiletsa.”

“Wanga ndimuuza ndekha lero madzulo. Akhumudwa pang'ono, koma posachedwa akhala bambo, ndi bwino aphunzire msanga kuti bambo amatha kunena kuti izi sindingathe. Mpongozi wanga ndimuuza kuti amayi ake andipulumutsira dzina.”

“Mudzanenenso kuti ndinaba nambala.”

“Ndidzanena kuti ndinachita kukutcherani.”

A Telala anapukusa mutu, anaponya tepi pakhosi, n'kutsegula kabuku ka miyezo.

“Taimaninso, asewele, timalize zimene munabwerera.”

Asewele anaima chofulatira. A Telala anayala tepi kuchokera paphewa lina kufika pa linzake, anayang'ana, anayang'ananso m'kabuku. Anachotsa tepi, anaiyalanso. Mapewa aja anali atatsika n'kufutukuka, ndipo khosi limene linasowa Lachiwiri linali litabwerera, lalitali bwinobwino. Miyezo inasiyana ndi inchi imodzi ndi theka.

“Chavuta n'chiyani?” anafunsa asewele.

“Palibe. Kungoti ndikanadula Lachiwiri lija, bwenzi nditasokera munthu wina.” Anafufuta nambala yakale ndi pensulo, n'kulemba yatsopano. “Mwamaliza. Tsopano kachotseni galimoto yanu pawindo langa, mukaimike pamthunzi. Sabata yonse ndakhala ndikusoka mumdima.”